Chitsime cha Mkamwini

Pitala Mbewe sanabadwire kunyanja. Kwawo kunali kumapiri, kufupi ndi Mvera, kumene mwana amakula akudziwa kuti madzi amachita kufunafuna. Anatsikira ku Salima ndevu zitangoyamba kumera, nthawi imene njanji inkafika, ndipo ntchito imene anampatsa inali yokanidwa ndi aliyense: kulowa m'maenje. Anzake ankayala zitsulo padzuwa, iye ali pansi kukumba madzi oti sitima izimwa. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuyala miyala m'mbali mwa dzenje kuti mchenga usamukwirire, ndiponso kufinya dothi m'manja n'kudziwa ngati madzi ayandikira. Ntchito ya njanji itatha anatsala ndi mgwala wachitsulo wokumbira, fosholo yothyoka mpini, ndi mtima umene unali utapita kale kwa mkazi wina wa kwa Kanyumbu amene ankabwera kusitesheni kudzagulitsa chinangwa chophika. Dzina lake anali Anna.

Mlendo akamva kuti mudzi uli kunyanja amaganiza kuti eni ake amatunga madzi ali pakhonde. Si choncho ayi. Pakati pa mudzi wa Kanyumbu ndi nyanja panali dambo lalikulu la bango ndi matope, mokhala mvuu ndi ng'ona, ndipo olidutsa anali amuna okha, pa bwato, m'kanjira kamene anatema m'bangomo. Akazi ankatunga ku kamtsinje ka kuseri kwa mudzi. Dzinja kankasefukira. Chilimwe kankauma pamwamba, iwo n'kumafukula mchenga ndi manja mpaka madzi atatuluka, n'kumatapa ndi chikho pang'onopang'ono. Amayi awo ankatero, agogo awo ankatero, ndipo kamtsinjeko kanali kasanawachititsepo manyazi.

Pitala analowa m'mudzimo ngati mkamwini. Nyumba anamanga yekha koma inali ya Anna. Munda anaswa yekha koma unali wa Anna. Ngakhale ana amene ankayembekeza kubereka anali a Anna ndi mlongo wake Fanuel, amene anali mwinimbumba. Zimenezi Pitala ankazidziwa, pakuti kwawonso mwambo unali womwewo, ndipo sizinkamuwawa. Munthu ukakonda mkazi suwerenga kuti denga ndi la yani.

Fanuel sanali munthu woipa. Anali wansangala, wapakamwa posatseka, mlimi wa thonje amene anabatizidwa ali mwana n'kudzachotsedwa mumpingo atatenga mkazi wachiwiri. Chimene chinkamudya ndi mantha. Kadzidzi akalira pafupi, Fanuel sankadya. Njoka ikadutsa njira iye ali pa ulendo, ankabwerera ngakhale msika ukuoneka apo. Mbumba yake ankaikonda kwambiri, ndipo chikondi chimenecho ndi chimene chinkamuonetsa malodza paliponse.

Mu 1938 Anna anali woyembekezera, miyendo yake n'kutupa kwambiri moti kupita kumtsinje kunasanduka chilango. Pitala anaona zimenezo. Anayang'ana mkuyu umene unali kuseri kwa nyumba, wobiriwira pakati pa chilimwe, anatenga mgwala wake n'kuyamba kukumba. Dzenje litafika m'chiuno, Fanuel anatulukira ndi chipewa chake cha mlaza n'kuima m'mphepete.

"Alamu, kodi amwalira ndani?"

"Palibe, alamu. Ndikufuna madzi."

"Madzi? Nyanja yonseyi Chauta anatithirira, inu mukukapempha madzi kwa akufa? Anthu akumapiri inu, ndithu munakhala pamsana pa njovu n'kumati kulibe mame!"

Anaseka yekha, koma kusekako kunathera panjira. Anasuzumira m'dzenjemo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ndikunena zoona tsopano. Dzenje lakuya pamudzi amakumba ndi adzukulu, ndipo amakumba mwini wake alipo kale. Dzenje lopanda mwini limaitana."

Pitala anayankha mwaulemu kuti wamva, koma sanasiye. Amene anamuthandiza anali Che Ramadhani, msodzi wa Chisilamu wa kutsidya kwa msewu, amene anamubwereka chingwe cha khoka lake n'kumakoka dothi pamwamba. Che Ramadhani anali ndi chifukwa chawo: anatopa kutawadha, kusamba kokonzekera pemphero, ndi madzi a matope asanaswali. Miyala yoyala m'mbali Pitala ankakaitenga kuphiri, pamutu, umodziumodzi, ana akumutsatira ndi kumuimba nyimbo zomuseka. Anadutsa mchenga, anadutsa makande akuda omata ngati phula, anafika pa timiyala tosalala, ndipo m'mawa wina anapeza mapazi ake ali m'madzi. Anali madzi ozizira, oyera, opanda fungo la dambo.

Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Elube. Anakula akumwa madzi a bambo ake. Anna ankatunga pamenepo, Esha mkazi wa Che Ramadhani ankatunganso, koma akazi ena a mbumba ya Fanuel ankalambalala chitsimecho mitsuko ili pamutu, kupita kukafukula mchenga wawo. Ena, tinene zoona, ankadzatunga anzawo akapita kumunda, n'kumauza amuna awo kuti kamtsinje kayera chaka chino.

Pambuyo pa Elube, Anna anabereka ana awiri amene sanakhalitse. Ana ankamwalira m'nyumba iliyonse masiku amenewo, m'nyumba zomwa za kumtsinje ndi zomwa za kunyanja zomwe, koma anthu anawerenga a Anna okha. Kenako m'nyengo yozizira ya 1948, anthu atangokolola, Anna anadwala chifuwa. Mwera unawomba, chifuwa chinakula, ndipo mwezi usanathe anamuika m'manda. Pitala analira ngati mwana, osabisa nkhope. Elube, wa zaka khumi, anangogwira chala cha bambo ake.

Maliro atatha, Fanuel anamuitanira pansi pa mkuyu. Maso ake anali ofiira, ndipo nthabwala zonse zinali zitamuthera.

"Alamu, ndinanena. Latenga awiri, latenga mayi wawo. Watsala mmodzi. Munakumba ndinu, mukwirirenso ndinu. Muikemo thunthu la nthochi monga timachitira ndi manda amene akumbidwa osagonamo munthu, kuti likhute lisaitanenso."

Mkamwini amene mkazi wake wagona m'manda alibe pakamwa. Pitala anavomera. Palibe amene anafuna kuyandikira ntchito yoteroyo, choncho anaigwira yekha, masana, mudzi uli kuminda ya thonje. Anatapa dothi fosholo yoyamba, anaima m'mphepete, anayang'ana madzi ali phee pansi, ndipo manja ake anakana. Sanali kuganiza za chilala, pakuti sanali mlosi. Kungoti kwawo kumapiri madzi saphedwa, ndipo awa anali madzi amene Anna anamwa tsiku lake lomaliza. Anapita kuthengo, anadula mitengo ya muwanga imene chiswe chimaithawa, anatsikira m'chitsime mpaka pamene mutu wake unabisika, nagwetsa miyala ingapo ya m'mbali kuti mitengoyo ikhale yopingasa. Pamwamba pake anayala mphasa zakale ndi makungwa, anagoneka thunthu la nthochi, n'kukwirira ndi dothi mpaka pamwamba. Madzulo Fanuel anabwera, anaponda pamalopo, anaona kuti palimba. Anapita kumanda kukauza mlongo wake kuti dzenje lakwiriridwa, agone.

Panatsala chinthu chimodzi. Mwamuna woferedwa sachoka msanga pamudzi pa mkazi wake. Amadikira m'meto wachiwiri, pamene abale amafulula mowa, kumeta tsitsi la maliro, kugoneka mzimu wa malemu, kenako kumusudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Amapita ndi khasu lake ndi mphasa yake. Ana amatsala. Akakhala mkamwini wokondedwa, nthawi zina amampatsa mbale wa malemu kuti akhalebe n'kulera ana, koma Pitala ankadziwa kuti munthu amene dzenje lake akuti linadya mwana wa eni mudzi sangapatsidwe wina. Fanuel ananena kuti mowa adzafulula akadzakolola chaka chamawa. Choncho Pitala anali ndi dzinja limodzi lokhala ndi Elube, ndipo ankalisunga ngati mchere wotsiriza m'chigoba.

Dzinjalo silinabwere. Mvula inagwa yodzalira, chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, kenako kumwamba kunatseka. Anthu anadzalanso, chinapsanso. Anakapempha mvula kwa mizimu, a mpingo anapemphera, a kumzikiti anaswali, dzuwa lokhalokha. Chaka cha 1949 chinalowa nkhokwe zili pululu. Akamwini ambiri anatsanzika kuti akukasuma chakudya kumapiri kapena akukafuna ntchito ku Halale, ndipo ena mwa iwo akazi awo sanawaonenso. Pitala, amene aliyense ankayembekeza kuti athawa woyamba, sanasunthe.

N'zochititsa manyazi kunena, koma m'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndi amene chilala chinamuchitira chifundo. Popanda chimanga palibe chimera, popanda chimera palibe mowa, ndipo popanda mowa palibe kusudzula. M'mawa uliwonse Pitala akatuluka n'kuona kumwamba kuli mbee, mtima wake unkalira pamodzi ndi anzake, koma pansi pa kulirako panali kachimwemwe kamene iye mwini ankadana nako. Ankakumba zikhawo za nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'dambo, ankathandiza Che Ramadhani kukoka khoka n'kupatsidwa usipa wodzaza m'manja, ankakaima pamzere kusitesheni boma likamagawa ufa. Chilichonse ankabwera nacho kwa Elube. Mwanayo anaonda, koma ankaseka ndithu bambo ake akamalephera kupeta.

Njala anthu a kunyanja amaidziwa poizembera, chifukwa nsomba zilipo. Chimene sanachidziwe ndi ludzu. Kamtsinje kaja kanauma mwezi umene kamayenera kusefukira. Akazi anafukula mchenga mpaka m'chiuno, mpaka m'khosi, n'kumadikira theka la tsiku kuti chikho chidzaze. Pofika nyengo yozizira ngakhale chinyezi chinatha. Nyanja nayo inabwerera m'mbuyo n'kusiya thope lalitali lonunkha, moti kanjira ka mabwato kanasanduka njira ya miyendo. Tsopano akazi ndi atsikana anayamba kulowa m'bango ndi mitsuko, kuponda thope mpaka kukafika pamene madzi afika m'ntchafu, pamalo pomwe ng'ona nazo zinasonkhana chifukwa madambo ake anali atauma. Madzi ake anali obiriwira. Ana anayamba kutsegula m'mimba.

Pitala ankapita yekha kunyanjako ndi zidebe ziwiri pa mtengo, amuna anzake akumuseka kuti wasanduka mkazi. Ankatero kuti Elube asapiteko. Koma Elube sanali wa nyumba imodzi. Anali mwana wa mbumba, ndipo amayi ake aang'ono akamutuma ndi atsikana anzake, bambo ake analibe mawu oletsa. Tsiku lililonse Pitala ankadutsa pansi pa mkuyu, pamene udzu unali utamera pa dothi lake lija, ndipo ankayang'ana kumbali. Ankadziwa chimene chili pansipo. Ankadziwanso kuti tsiku limene adzanene, ndi tsiku limene adzakhale munthu wonamiza eni mudzi ndi akufa awo. Anasankha kukhala chete, ndipo anakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene anayenera.

M'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono, Elube anabwera akuthamanga wopanda mtsuko, thope mpaka m'chiuno. Mfuu unamveka kuchokera kudambo. Ng'ona inali itagwira Esha. Anali ataima pafupi ndi Elube, mkono ndi mkono, akumuthandiza kusenza, ndipo madzi anangotseguka. Amuna anathamangira ndi mikondo ndi nkhafi, anasakasaka m'bango, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anamupeza atapanikizidwa pansi pa mizu.

Pitala anapita kukakhuza. Anapeza Che Ramadhani atakhala pansi kunja kwa nyumba, manja ali pamutu. M'nyumba akazi ankadikira kuti asambitse thupi monga mwa Chisilamu, ndipo pakhomo panali mtsuko umodzi wa madzi obiriwira aja.

"Achimwene," anatero Che Ramadhani, "Mulungu wapereka, Mulungu watenga, sindikutsutsa. Koma ndimusambitse ndi madzi omwewo amene amupha? Apite kwa Mwini wake ndi thope?"

Pitala anachoka pamalirowo. Anabwerera kunyumba, anapeza Elube atadzipinda pamphasa, anakhala pambali pake n'kuika dzanja pamutu pake kwa kanthawi. Anamuyang'anitsitsa ngati munthu amene akuloweza nkhope. Kenako anatenga mgwala ndi fosholo n'kupita kwa Fanuel.

"Alamu, chitsime chija sindinakwirire. Ndinangochivundikira. Ndikukachitsegula."

Fanuel anamutsatira patali.

Anthu anasonkhana patali, akazi atagwira pakamwa, ena akukokera ana awo kumbuyo. Kwa iwo munthuyu ankafukula manda dzuwa likuswa mtengo. Pitala anachotsa dothi, anatulutsa ulusi wouma wa thunthu la nthochi lija, anakanganula mphasa zowola. Mitengo ya muwanga inali ili gwa. Atazula woyamba, munatuluka mpweya wozizira wonunkha chinyontho, ndipo amene anali pafupi anaumva pankhope. Anatola kamwala n'kukaponya. Kanatenga nthawi, kenako kanamveka kuti chubwi. Mayi wina analira mokweza.

Sanatsike msanga. Kunjanji anaonapo munthu akufa ndi mpweya woipa wa m'dzenje lotsekedwa, choncho anayatsa nyali, anaimanga kuchingwe n'kuitsitsa. Inazima. Anatenga nthambi ya masamba, anaikweza ndi kuitsitsa m'chitsimemo kambirimbiri kuti mpweya usinthe, anatsitsanso nyali. Itayaka mpaka pansi, anavula malaya. Che Ramadhani anali atamva, ndipo anasiya maliro a mkazi wawo n'kubwera ndi chingwe cha khoka. Madzi anali atatsika kwambiri poyerekeza ndi kale, koma analipo. Pitala anakapa oyamba onse akuda aja, anapala matope mpaka timiyala tinaoneka, n'kuima pansipo akuona madzi atsopano akulowa m'mbali mwakachetechete. Ndowa yoyamba yoyera inapita kukasambitsa Esha, ndipo anamuika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Kumwa kunali nkhani ina. Tsiku lotsatira anthu anangozungulira, kuyang'ana. Amene anayamba anali mayi wina wamng'ono amene khanda lake linali litalefuka ndi kutsegula m'mimba. Iye anati ngati dzenjeli likuitana, liitane iyeyo, n'kutunga. Anzake anamutsatira. Posakhalitsa mzere wa mitsuko unkafika kumsewu, ndipo ena ankachokera m'midzi yoyandikana. Chitsime sichinali nyanja, chinkaphwa chikatungidwa kwambiri, choncho Pitala anaika lamulo lakuti nyumba iliyonse itunge mtsuko umodzi m'mawa, chipume masana, atungenso madzulo. Anthu amene kale ankamuimba nyimbo anamvera osawiringula. Palibenso mkazi wa kwa Kanyumbu amene analowa m'bango chaka chimenecho. Fanuel anapirira masiku angapo akumwa za kunyanja, mpaka m'mimba munamugwetsa, ndipo anamwa madzi a mlamu wake atatseka maso.

Madzi otayika potunga ndi otsukira mitsuko Pitala sanawalole kupita pachabe. Anakumba kangalande kopita kumunsi kwa mkuyu, anatipula kadimba kakang'ono, nadzala mbewu ya chimanga imene anaibisa m'chiguduli padenga nthawi yonse ya njala, osaikazinga ngakhale pamene m'mimba munkalira. Phando lililonse ankalithirira ndi chikho. Pakati pa dziko lofiira ndi fumbi panamera kachigamba kobiriwira, ndipo Elube ankakhala pamenepo kuingitsa mbuzi ndi mbalame. Bambo ake ankamuuza kuti chikacha adzadya mpaka m'mimba mudzawawe.

Akazi a m'mudzi anayamba kulankhula. Ankati munthu wotere sasudzulidwa, ampatse mwana wa amayi aang'ono a Anna akhale pano mpaka imvi. Mawuwo anamufika Pitala, ndipo ngakhale ankadziletsa, anayamba kuyembekeza. Chiyembekezo n'chouma mutu, chimamera ngakhale pamene sunachidzale.

Chimanga chitauma pa mapesi, kutentha kwa mvula isanagwe kuli pachimake, Fanuel anabwera kudimbako. Anali ataonda, chipewa chikumukulira. Anakhala pansi pa dothi, osadikira mpando.

"Alamu, mwatipulumutsa. Ndikakana zimenezo ndine galu. Ana anga ali moyo chifukwa cha inu." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Koma ine ndinaima pamanda a mlongo wanga, ndinamuuza ndi pakamwa pangapa kuti takwirira, gona. Mwandinamizitsa kwa akufa. Chitsegulireni dzenjeli ndikumulota, waima pakhomo, sakulankhula. Tsitsi la maliro ake likadali pamitu pathu. Tikapanda kumugoneka atenga wina, ndipo mukudziwa amene amamukonda koposa."

"Anna sangapweteke mwana wake, alamu."

"Inu mukudziwa za pansi pa dothi, za mizimu musiyire ife eni ake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mowa ufululidwe."

"Ndi chiyani? M'mudzi muno mulibe ndi njere yomwe."

Fanuel anatembenuka. Anangoyang'ana mapesi aja. Za ku boma zinali ufa, ndipo ufa sumera. Chimanga chokha cha maso amoyo, choti n'kunyika chimera, m'dera lonselo chinali cha m'dimba la Pitala, ndipo dimbalo linali pa nthaka ya Anna.

Pitala akanatha kukana, kapena kuchitentha, kapena kuchikazinga chonse tsiku lomwelo. Anaganizapo. Koma anaona mantha a munthu amene anali patsogolo pake, ndipo anadziwa kuti mudzi ukakhala ndi mantha otero, tsiku lina udzakwiriradi chitsime, ulendo uno ndi manja ambiri. Anakolola yekha. Anapatula zisononkho zazikulu zingapo n'kumupatsa Elube, zotsalazo anazisenza mu dengu kupita nazo kwa akazi ofulula. Iwo analandira atawerama, osamuyang'ana kumaso. Ananyika chimera ndi madzi a m'chitsime chake, anaphika ndi madzi omwewo, ndipo mowa unakwana mbiya imodzi yokha yaing'ono.

Pa tsiku la m'meto anthu anakhala pabwalo. Anathira nsembe, anatchula dzina la Anna, anametana. Lumo linadutsa pamutu pa Pitala, tsitsi la chaka ndi miyezi linagwera m'fumbi. Chikho cha mowa chitamufika anamwa, pakuti mwambo umatero. Kenako Fanuel anaimirira.

"A Mbewe, munabwera bwino, mupite bwino. Mlandu ndi inu tilibe. Takumasulani. Kakwatireni kumene mtima wanu ufuna."

"Zikomo," anatero Pitala. "Nanga mwana?"

Funso limenelo safunsa, ndipo aliyense pabwalopo anawerama.

"Mwana ali kwawo, alamu."

Ananyamuka m'mawa mwake ndi mgwala, fosholo ndi mphasa. Elube anamuperekeza mpaka panjanji, kumene amayi ake aang'ono anamugwira dzanja kuti abwerere. Sanalire mokuwa. Anangofunsa kuti, "Atate, mubwera liti?" ndipo Pitala, amene anali atanamapo kamodzi m'moyo wake n'kuona mtengo wake, anati sakudziwa. Mvula inagwa iye ali m'njira yokwera kumapiri, yamphamvu, yokokolola, ndipo anayenda m'menemo osabisala.

Kwawo sanakwatirenso. Ankakhala kwa mlongo wake, akukumba zitsime m'midzi ya kumapiri kwa aliyense womuitana, pakuti chilala chija chinaphunzitsa anthu ambiri kuti madzi a pamwamba ndi mlendo. Kwa Kanyumbu kamtsinje kanabwerera, ndipo akazi ena anabwerera kukafukula mchenga wawo, koma chitsime sanachikwirire. Anachimangira mpanda ndi chivundikiro cha matabwa, kuti chidikire chaka china choipa.

Koma chitsime chimafuna kupala. Chaka chilichonse matope ndi mizu ya mkuyu zimatseka maso ake, ndipo wina ayenera kutsikira pansi. Amuna a kwa Kanyumbu, omwe ankapita ku chilumba cha Mbenji pa bwato mwera ukuwomba, omwe ankalasa mvuu ndi mkondo, panalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kulowa m'dzenje limene munagonapo thunthu la nthochi. Chilimwe cha 1950 madzi atayamba kuda, Fanuel anavula manyazi n'kutumiza mawu kumapiri.

Pitala anabwera ngati waganyu. Mwamuna wosudzulidwa sagona pamudzi pa mkazi wake wakale ndipo sakhala pakhonde kucheza, choncho ankafikira kwa Che Ramadhani, m'mawa n'kupita molunjika kuchitsime, ntchito ikatha n'kubwerera kwawo. Wokoka ndowa pamwamba anafunika, ndipo Elube anagwira chingwe asanatumidwe. Fanuel anaona, sanamuletse, napita kumunda wake wa thonje.

Umo ndi mmene bambo ndi mwana ankachezera chaka ndi chaka, wina pansi m'madzi ofika m'mawondo, wina pamwamba atagwada m'mphepete, mawu akumveka ngati a m'mbiya. Ali pansi pomwepo Pitala anamva kuti Elube wavinidwa. Chaka china anamva kuti kwabwera mnyamata wa ku Chipoka, wakhalidwe, wosamwa. Chaka chinanso atayang'ana kumwamba anaona mitu iwiri, wina waung'ono uli kumsana. Ntchito yopala chitsime chimenecho munthu wamphamvu akanaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Pitala ankaigwira mpaka mithunzi itatalika, ndipo mudzi wonse unkadziwa, koma panalibe wonena kanthu.

Ulendo wake womaliza unali wa 1957. Anafika atatsamira ndodo, akutsokomola, ndipo dzinja lotsatira anamwalira kwa mlongo wake, uthenga n'kufika kwa Kanyumbu atamuika kale. Pa ulendo womalizawo Che Ramadhani anamuletsa kutsika, iye anakana kumva. Anamumanga chingwe m'chiuno n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Elube anakoka ndowa za matope, kenako za madzi ofiira, kenako za madzi oyera oti nkhope n'kuonekamo. Anapitiriza kukoka, akuthira m'dimba, akumuuza bambo ake za mwana amene wayamba kuyenda, za denga lofuna udzu, za mtengo wa thonje. Dzuwa linapendeka, miyendo ya nkhalambayo ili m'madzi ozizira kuyambira m'mawa.

"Atate, mwazizidwa. Madzi ayera kalekale. Ndiitane anthu akukokeni?"

Pansi panamveka fosholo ikukanda timiyala toyera kale.

"Iyayi, mama. Patsala matope pang'ono kumbali kuno. Tsitsa ndowa, upitirize zimene umanena."